UPS yanga ikutha m'mphindi 10: kodi ndigule yaikulu?

Mayi wina wa ku Zomba, amene amagwirira kunyumba ntchito yolemba makalata ndi kusunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, walemba motere: "Ndili ndi kompyuta ya patebulo, pulinta, rauta ya intaneti ndi TV. Chaka chatha kompyuta inawonongeka magetsi atazima mwadzidzidzi ndipo ndinataya ntchito yambiri, choncho ndinagula UPS yolembedwa 650VA. Koma magetsi akazima imangolira kwa mphindi 10 n'kuzimanso. Kusitolo akuti ndigule ya 1500VA, pamene mnzanga akuti ndingolumikiza batire la galimoto ku UPS ndili nayoyi. Ine ndimafuna kugwira ntchito maola 6 magetsi atazima. Ndichite chiyani?"

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti UPS yanuyo, kabokosi kokhala ndi batire kamene kamapatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima, sinawonongeke ndiponso sanakupusitseni poigula, chifukwa mphindi 10 zimenezo ndiyo ntchito imene inapangidwira. Chimene chachitika n'chakuti muli ndi mavuto awiri osiyana amene mukuyesa kuwathetsa ndi chipangizo chimodzi. Vuto loyamba ndi loteteza kompyuta kuti isazime mwadzidzidzi, ndipo limeneli limafuna mphindi zochepa chabe, zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa kompyuta mwadongosolo. Vuto lachiwiri ndi lopitiriza ntchito kwa theka la tsiku, ndipo limeneli limafuna nkhokwe ya magetsi yaikulu ndithu. Ma UPS ang'onoang'ono amene ali m'masitolo athu anapangidwira malo amene magetsi amangophethira n'kubweranso, kapena maofesi amene jenereta imadzuka yokha pasanathe mphindi imodzi. Kuno kwathu, kumene magetsi akapita m'mawa angabwere dzuwa litapendeka, chipangizo chimenechi chimathetsa vuto loyamba lokhalo.

Ntchito yotetezayo isapeputsidwe, popeza ndi imene ikanapulumutsa kompyuta yanu chaka chatha. Kompyuta ya patebulo ikamalemba zinthu pa hadi disiki magetsi n'kuzima pakati pa ntchitoyo, fayilo imatsala yosatha, ndipo ngati fayiloyo ili ya Windows yeniyeniyo, kompyuta ingakane kuyaka. Kabokosi kamene kamalandira magetsi m'kati mwa kompyuta kamatha kuisunga yoyaka kwa mamilisekondi pafupifupi 16 magetsi atachoka, pamene milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. UPS wamba imazindikira kuti magetsi apita n'kusamukira ku batire m'mamilisekondi osapitirira 10, motero kompyuta sizindikira n'komwe kuti pachitika kanthu. Kuwonjezera apo, zipangizo zambiri sizifa pamene magetsi akuzima koma pamene akubwera, chifukwa nthawi imeneyo mphamvu yake imatha kudumpha kupitirira 230V imene nyumba zathu zimayenera kulandira, kapena kubwera yofooka, mababu akungoyaka mofiirira.

Tsopano tibwere ku nambala ija ya 650VA, imene imasokoneza ogula ambiri ngakhalenso ogulitsa ena. Taganizirani za mgolo umene mumasungiramo madzi pokonzekera tsiku limene pampopi padzaume. Mgolowo uli ndi kukula kwake, ndipo kapaipi kotulutsira madzi kali ndi kukula kwakenso. Nambala ya VA ikufanana ndi kukula kwa kapaipiko: imanena kuchuluka kwa magetsi amene angatuluke pa nthawi imodzi, ndiko kuti katundu amene UPS inganyamule osalemedwa. Sinena chilichonse za kukula kwa mgolo. Komanso VA si mawati. Pa ma UPS otsika mtengo, mawati enieni amakhala pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a nambala ya VA, choncho ya 650VA imanyamula mawati pakati pa 360 ndi 390, ndipo ya 1500VA imanyamula pafupifupi mawati 900. Opanga amalemba VA ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni chifukwa ndiyo nambala yooneka yaikulu, pamene mawati amawalemba timalemba ting'onoting'ono kumbuyo kapena pansi pa chipangizocho.

Mgolo ndi batire. Mukanati mutsegule UPS yanuyo, mukanapezamo batire limodzi lakuda lokwana m'manja, lolembedwa 12V 7Ah, kutanthauza mavolti 12 ndi maampeya a pa ola 7. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mumapeza 84, ndipo amenewo ndi mawati a pa ola, amene amalembedwa Wh. Kuti muone kuchepa kwake, kumbukirani kuti yuniti imodzi ya magetsi imene mumagula pa mita yanu ndi 1,000Wh, kutanthauza kuti batirelo silisunga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti imodzi. Tiyerekeze kuti kompyuta yanu imadya mawati 100, sikirini mawati 25 ndipo rauta mawati 10, zonse pamodzi mawati 135. Pa pepala, 84 kugawa ndi 135 kumapereka mphindi 37, koma batire la mtovu ndi asidi lili ndi khalidwe lakuti likamakamidwa mofulumira limapereka zochepa kuposa zimene zinalembedwa. Nambala ya 7Ah inayezedwa potulutsa magetsi pang'onopang'ono kwa maola 20, pamene kompyuta yanu ikulikoka mofulumira pafupifupi ka 40 kuposa pamenepo. Mukachotsanso mphamvu imene imatayika ngati kutentha posandutsa 12V kukhala 230V, mumatsala ndi mphindi 10 mpaka 15 batire likadali latsopano. Ndizo mukuzionazo.

Pa chifukwa chimenechi, malangizo a kusitolo aja sakuyankha funso lanu. UPS ya 1500VA kawirikawiri imakhala ndi mabatire awiri a 12V 9Ah, amene pamodzi amasunga 216Wh. Pa katundu wanu wa mawati 135 idzakusungani nthawi yotalikirapo, mwina mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono, koma n'zokayikitsa kuti ingafike ola lathunthu. Mudzakhala mutalipira ndalama zambiri kugula paipi yaikulu imene simukuifuna, popeza mawati 135 akukwana bwinobwino mu UPS muli nayo kale, pamene mgolo wangokula pang'ono.

Nzeru ya mnzanuyo yolumikiza batire la galimoto ndi yofala kwambiri, ndipo imaoneka ngati ikugwira ntchito m'masabata oyambirira, koma sindikulangizani kuitsatira. UPS yaing'ono ilibe fani, ndipo thiransifoma yake inapangidwa podziwa kuti batire lidzatha m'mphindi zochepa, isanatenthe kwambiri. Mukaipatsa batire lalikulu imagwira ntchito maola angapo ili m'chikebe cha pulasitiki, ndipo kutenthako kumatha kusungunula mawaya ngakhale kuyambitsa moto. Tchaja yake nayonso ndi yaing'ono, nthawi zambiri yosafika ampeya imodzi, moti batire la galimoto lingafune masiku angapo kuti lidzaze. Batire la galimoto nalonso si la ntchito imeneyi. Linapangidwa ndi timapuleti topyapyala tambiri kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako n'kudzazidwanso nthawi yomweyo galimoto ikuyenda. Likamatsitsidwa kwambiri tsiku ndi tsiku, timapuletito timawonongeka ndipo limafa pakangopita miyezi yochepa.

Chimene chimathetsa vuto la maola 6 ndi inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala 230V, yokhala ndi tchaja yakeyake, pamodzi ndi batire lalikulu la mtundu wa deep cycle, limene linapangidwira kutsitsidwa ndi kudzazidwa mobwerezabwereza. Koma musanafunse mtengo wa chilichonse, khalani pansi ndi pepala muwerengere zinthu ziwiri: mawati a zipangizo zimene muyenera kuyatsa, ndi maola amene mukufuna kuziyatsa. Mawati amalembedwa pa chipangizo kapena pa tchaja yake, ndipo ngati palembedwa mavolti ndi maampeya okha, chulukitsani nambala ziwirizo. Chenjerani ndi nambala ya pa kabokosi ka magetsi ka m'kati mwa kompyuta, chifukwa pakalembedwa 450W sizitanthauza kuti kompyuta imadya mawati 450, koma kuti kabokosiko sikangapereke kuposa pamenepo. Kompyuta ya ntchito za mu ofesi monga zanuzo imadya pakati pa mawati 60 ndi 150. Pali kachipangizo kolowetsa pa soketi kamene kamaonetsa mawati enieni amene chipangizo chikudya, ndipo katswiri wa zamagetsi wodziwa ntchito yake ayenera kukhala ndi chida choyezera kuti asamangopenekera.

Titenge mawati 135 aja. Kwa maola 6 mukufuna 810Wh. Inveta yabwino imataya pafupifupi magawo 15 mwa magawo 100 a mphamvu imene ikudutsamo, choncho batire liyenera kupereka pafupifupi 950Wh. Apa ndi pamene mtundu wa batire umasinthira nkhani yonse. Batire la mtovu, kaya ndi lothira madzi, kaya la gel kapena la AGM, silifunika kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna kuti likhalitse, kutanthauza kuti muyenera kugula losunga 1,900Wh kuti muzigwiritsa ntchito 950Wh. Pa 12V zimenezo ndi pafupifupi 160Ah, ndiye kuti pamsika mudzagula limodzi la 200Ah kapena awiri a 100Ah. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limalola kutsitsidwa mpaka magawo 80 kapena 90 mwa magawo 100, choncho limodzi la 12.8V 100Ah, losunga 1,280Wh, likukwanira ntchito yomweyo. Mukafuna kuwonjezera TV ya mainchesi 32 ndi dikoda, zimene pamodzi zimadya pafupifupi mawati 60, kwa maola 3 madzulo, muwonjezere 180Wh pa chiwerengero chanu, ndipo pamenepo batire limodzi la lithium lija lidzakhala lili pa malire.

Pali funso lina limene ogula ambiri salifunsa, chikhalirecho ndi limene limapha mabatire m'nyumba zathu: kodi magetsi akabwera amakhalapo maola angati, ndipo maola amenewo akukwanira kudzaza batire? Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, choncho madzi akachepa, zinyalala ndi matope zikachuluka, kapena makina akawonongeka, kuzimazima kumatenga miyezi, osati tsiku limodzi. Mukukumbukira kuti namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka chaka cha 2023. Pa nyengo ngati imeneyo batire limatsitsidwa tsiku lililonse, mwinanso kawiri pa tsiku. Batire la mtovu la 200Ah limene latsika theka likufuna kubwezeredwa 100Ah. Ndi tchaja ya maampeya 10 zimenezo ndi maola oposa 10, ndipo ndi ya maampeya 20 ndi maola 7 kapena 8, chifukwa chakumapeto batire la mtovu limalandira magetsi pang'onopang'ono ngakhale tchaja ikhale yamphamvu bwanji. Likamakhala losadzaza masiku otsatizana, pa mapuleti ake pamauma timiyala ta sulphate timene sitisungunukanso, ndipo mwini wake amangodabwa kuti batire limene linkasunga maola 6 layamba kutha pa maola 2 chaka chisanathe. Ambiri zikatero amanena kuti anawagulitsa batire lachinyengo, pamene vuto linali tchaja yaing'ono.

Kutentha nakonso kumafupikitsa moyo wa batire la mtovu. Opanga amayezera moyo wake pa madigiri 25, ndipo pa madigiri 8 mpaka 10 aliwonse owonjezera pamenepo, moyowo umatsika ndi theka. Inu a ku Zomba muli ndi mwayi pang'ono poyerekeza ndi anzathu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga, komabe m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'mwezi wa October ndi November simuzizira kulikonse. Batire ndi UPS zisakhale pawindo lowomba dzuwa, zisatsekeredwe m'kabati, ndipo zisafunditsidwe nsalu pofuna kukongoletsa pabalaza.

Ngati mungandifunse maganizo anga pakati pa mitundu iwiriyi, ndingasankhe lithium ya LiFePO4 kwa munthu aliyense amene ntchito yake yopezera ndalama imadalira magetsi tsiku ndi tsiku. Mtengo wake pogula ndi wokwera, ndipo zimenezo sindingazibise, koma batire la mtovu lotsitsidwa theka tsiku lililonse limapirira maulendo mazana angapo, pamene la LiFePO4 limapirira maulendo masauzande. Limadzaza mofulumira, silivutika ngakhale likhale losadzaza, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 12 pamene la mtovu la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Chofunika ndi chakuti likhale ndi kachipangizo kolilamulira m'kati kotchedwa BMS, ndiponso kuti tchaja ya inveta yanu ikhale ndi poisinthira kuti izitchaja lithium. Batire la mtovu likadali ndi malo ake kumene magetsi amazima mwa apo ndi apo, kapena pamene ndalama zilipo zochepa ndipo munthu akudziwa kuti adzagulanso lina pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Komatu njira yotsika mtengo kuposa zonse si kukulitsa batire, koma kuchepetsa katundu. Laputopu yogwira ntchito yolemba ndi yowerengera ndalama imadya pafupifupi mawati 20 mpaka 40, sikirini yake ili momwemo, ndipo ili ndi batire lakelake, kutanthauza kuti magetsi akazima siizima ndipo sisowa UPS. Mukaphatikiza laputopu ya mawati 35 ndi rauta ya mawati 10, kwa maola 6 mukufuna 270Wh zokha m'malo mwa 810Wh, ndipo gawo lina la zimenezo lili kale m'batire la laputopuyo. Rauta nayo sifunika inveta. Imagwiritsa ntchito 9V kapena 12V, choncho kukweza magetsi a batire kufika 230V kuti adaputala iwatsitsenso kufika 12V ndi kutaya mphamvu kawiri popanda chifukwa. Pali timabokosi ta lithium totchedwa mini UPS timene timakhala pakati pa adaputala ndi rauta, ndipo timaisunga yoyaka kwa maola angapo. Pogula kameneka werengani pa adaputala ya rauta yanu kuti mavolti afanane ndendende, maampeya a kabokosiko asachepere, ndipo mutu wa waya ulowe bwino. Nthawi zambiri ndalama zimene zikanapita ku mabatire awiri akuluakulu zimayandikira mtengo wa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito koma yabwino, ndipo ndikanakonda kuti muyerekeze mitengo iwiriyi musanasankhe.

Ngati kompyuta ya patebuloyo simungaisiye, mwina chifukwa cha mapulogalamu amene alimo, sankhani inveta mosamala pa mfundo zingapo. Yoyamba ndi maonekedwe a magetsi amene imatulutsa. Magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, akukwera ndi kutsika mosalala ngati mafunde a panyanja. Inveta yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi ofanana ndi amenewo, pamene yolembedwa modified sine wave imatulutsa magetsi okwera ndi kutsika modumphadumpha ngati masitepe. Mababu ndi matchaja ambiri a foni sadandaula ndi magetsi a masitepewa, koma makompyuta amakono okhala ndi kabokosi ka magetsi ka mtundu wa active PFC amatha kuzima kapena kulira, mafani amang'ung'udza n'kutentha, ndipo pa wailesi pamamveka phokoso. Pa chipangizo chimene mumadyerapo, gulani ya pure sine wave. Mfundo yachiwiri ndi liwiro losamukira ku batire. Mainveta ambiri okhala ndi tchaja ali ndi posankha pawiri: pena amasamuka m'mamilisekondi pafupifupi 10, pena pafupifupi 20, ndipo mukakumbukira mamilisekondi 16 aja muona kuti kompyuta imafuna posankha poyambapo, pamene nthawi zambiri pamalembedwa UPS. Funso lomweli mulifunsenso pa mabokosi onyamulika a lithium monga a EcoFlow ndi Bluetti, amene ali ndi batire, inveta ndi tchaja m'bokosi limodzi ndipo safuna kulumikiza mawaya, chifukwa ena mwa iwo amasamuka mochedwerapo.

Pa kukula kwa inveta, musatengeke ndi manambala akuluakulu. Katundu wa mawati 200 amakwana bwino mu inveta ya mawati 500 kapena 600, ndipo inveta iliyonse imadya magetsi akeake ikangoyaka ngakhale palibe cholumikizidwa. Yaikulu ya mawati 3,000 ingadye mawati 25 kapena kuposerapo ili chikhalire, zomwe kwa maola 6 zikufanana ndi kuyatsa rauta ziwiri ndi theka zimene mulibe. Inveta yaikulu imabweretsanso chiyeso m'nyumba, popeza tsiku lina mwana adzalowetsapo ketulo kapena simbi, ndipo ketulo ya mawati 2,000 ingamalize m'theka la ola batire limene linayenera kukusungani maola 6.

Simunanene mtundu wa pulinta yanu, koma nkhaniyi ndi yofunika. Pulinta ya inki yamadzi imadya mawati 10 mpaka 30 ndipo ingalumikizidwe popanda nkhawa. Pulinta ya laser, yogwiritsa ntchito inki yaufa, ili ndi chotenthetsera chomatira ufawo pa pepala, ndipo potentha imakoka mawati mazanamazana, nthawi zina kufika 1,000. Mukailumikiza ku UPS ya 650VA, UPS idzalemedwa n'kuzima pamodzi ndi kompyuta imene imayenera kuiteteza. Pulinta yotereyi ikhale pa soketi yakeyake yodzera pa choteteza magetsi, ndipo ntchito yosindikiza izidikira magetsi abwere. Chimodzimodzi filiji, imene podzuka injini yake imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene inalembedwa. Filiji imafuna chiwerengero chakechake ndipo isasakanizidwe ndi nkhani ya kompyuta.

UPS muli nayoyo musaitaye. Yang'anani ngati palembedwa AVR kapena line-interactive, chifukwa yoteroyo imakweza magetsi ofooka ndi kutsitsa okwera popanda kukhudza batire, pamene ya mtundu wa offline imathamangira ku batire nthawi iliyonse magetsi akagwedezeka, ndipo batire lake limatha msanga. Mtundu wachitatu, wa online, umadutsitsa magetsi onse mu inveta yake nthawi zonse moti palibe kusamuka, koma ndi wokwera mtengo, uli ndi fani yaphokoso, ndipo pa kompyuta imodzi ya panyumba sindiona chifukwa choulipirira, pokhapokha ngati mumagwiritsa ntchito jenereta yaing'ono imene magetsi ake amagwedezeka moti ma UPS wamba amawakana n'kumangolira.

Dziwaninso kuti palibe UPS kapena inveta imene ingatchinge mphenzi imene yagwa pafupi. M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, zoteteza magetsi zimathandiza pa kudumpha kwa mphamvu kocheperako, ndipo zimatero pokhapokha waya wa earth wa nyumbayo uli wolumikizidwa bwino mpaka pansi, chinthu chimene m'nyumba zambiri za lendi sichinayezedwepo chimangidwire. Mphamvu ya mphenzi imalowanso kudzera pa waya wa dishi kapena wa mlongoti wa TV, n'kudutsa pa dikoda kukafika ku TV. Kukayamba mabingu, zulani mapulagi pakhoma pamodzi ndi waya wa dishi, ndipo ngati muli ndi batire mungapitirize ntchito osalumikizidwa ku khoma.

Pa kalumikizidwe, pali zinthu zimene sindingazisiye osazitchula chifukwa zimakhudza moyo. Anthu amaona 12V ngati yosaopsa, koma inveta ya mawati 600 imakoka maampeya oposa 50 ku batire, ndipo waya wowonda pamenepo amatentha mpaka kuyaka. Mawaya a pakati pa batire ndi inveta akhale okhuthala, aafupi, omangidwa ndi mabawuti osati zopanira, ndipo pafupi ndi mutu wa batire pakhale fyuzi. Batire lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, umene umaphulika ukakumana ndi moto, choncho likhale podutsa mphepo, kutali ndi kandulo ndi mbaula, osati kuchipinda chogona, ndipo muzithiramo madzi a batire okha, osati a pampopi. Choopsa kuposa zonse ndi chizolowezi cholumikiza inveta kapena jenereta ku soketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi awiri kuti nyumba yonse iyake. Magetsi amenewo amabwerera ku mawaya a panja ndipo angaphe munthu amene akukonza pa polo akudziwa kuti magetsi azimitsidwa, komanso magetsi a ESCOM akabwera inveta imapsa nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuti masoketi ena a m'nyumba azilandira magetsi a inveta, pafunika switchi ya changeover, yolekanitsa masoketiwo ndi mawaya a ESCOM inveta ikamawapatsa magetsi, yoikidwa ndi katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA. Ngati ayi, ingolumikizani zipangizo zanu ku inveta mwachindunji kudzera pa ekisitenshoni yabwino.

Ndikanakhala inu, ndikanasiya UPS ya 650VA pa kompyuta ndi sikirini zokha, n'kuiona ngati mlonda wondipatsa mpata wosunga ntchito ndi kuzimitsa, osati wondipatsa magetsi ogwirira ntchito maola ambiri. Ndikanagulira rauta mini UPS yakeyake. Pa maola 6 aja ndikanayamba kufunsa mtengo wa laputopu, ndipo zikakanika ndikanagula inveta ya pure sine wave ya mawati 500 mpaka 1,000 yokhala ndi tchaja ya maampeya 20, pamodzi ndi batire la LiFePO4 la 100Ah. Ngati mungathe, sankhani inveta yolandiranso mapanelo a sola, kuti mtsogolo muno muwonjezere osagulanso ina, popeza maola amene mumagwira ntchito ndi omwewo amene dzuwa limawala.

Pa tsiku logula, funsani tsiku limene batire linapangidwa, chifukwa batire la mtovu limatsika lokha lili pa shelefu ndipo limene lakhala miyezi yoposa 6 osatchajidwa limakhala litayamba kale kuwonongeka. Pemphani kuti aliyeze inu mukuona: la mtovu lodzaza limaonetsa 12.7V kapena kuposerapo pang'ono, pamene 12.2V ikutanthauza kuti lili pa theka. Linyamuleninso, popeza mtovu ndi wolemera, ndipo batire lolembedwa 100Ah limene mukulinyamula ndi dzanja limodzi mosavuta, pamene si la lithium, lili ndi mtovu wochepa kuposa zimene pepala lake likunena. Onaninso masoketi a kumbuyo kwa chipangizocho, chifukwa katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi a mapini ozungulira pamene athu ndi a mapini atatu amakona, ndipo ma UPS ena, monga ambiri a APC ndi Eaton, ali ndi masoketi a IEC ofuna mawaya akeake. Achibale a ku America asakutumizireni UPS ya kumeneko, chifukwa ndi ya 120V ndipo idzapsa mukangoilowetsa pa soketi. Chitsimikizo cha katundu chilembedwe pa lisiti, ndipo chinene ngati chikukhudzanso batire, popeza ogulitsa ambiri amatsimikizira inveta yokha.

Mukafika nazo kunyumba, tchajani mpaka zitadzaza, kenako sungani ntchito yanu yonse, zimitsani switchi ya pakhoma m'malo mozula pulagi kuti waya wa earth ukhalebe wolumikizidwa, ndipo muwerenge nthawi imene zipangizo zikhale zoyaka. Lembani mphindi kapena maola amenewo pamodzi ndi tsikulo pa kapepala, mumate pa chipangizocho, ndipo muzibwereza kuyesaku pakapita miyezi 3 iliyonse. Nthawiyo ikadzatsika kufika theka la imene munalemba poyamba, batire lakalamba. Pa UPS yanu yaing'onoyo zimenezi zingachitike pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri ngati magetsi akuzima kawirikawiri, ndipo simudzafunika kugula UPS ina, koma batire lina la 12V 7Ah, limene katswiri amalisintha m'mphindi zochepa. Lakalelo mukalisiye kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale. Musalitaye kudzala kapena kulisiya poti ana angalitsegule, chifukwa mtovu ndi poizoni ndipo asidi wake amawotcha khungu ndi maso.